Ndinathokoza Aliyense Kupatula Mayi Anga

Mwaswera bwanji nonse? Zikomo abusa pondipatsa mpata. Ndikuona ena kumbuyoko mukukodolana, mwandizindikira. Eya, ndine yemweyo. Amene munamuona pa TV atanyamula mphotho, akumwetulira mano onse pamtunda, ndine. Amene munamuonanso m'nyuzipepala atagona pabenchi ya m'paki, nsapato imodzi palibe, ndinenso. Dzina langa ndine Tamanda. Ndine chidakwa. Lero ndatha zaka zitatu ndi miyezi iwiri osalawa mowa.

Ndilankhula m'Chichewa ngakhale chimandithawa pena ndi pena, chifukwa m'Chingerezi ndimadziwa kunama bwino. Inali ntchito yanga.

Ndinabwera kuno ku London ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kuchokera ku Zomba. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Amayi, omwe anali namwino, anatsogola kubwera, ine n'kutsala kwa azakhali zaka zinayi. Atanditenga tinkakhala ku Edmonton, m'fulati ya chipinda chimodzi. Bedi anandisiyira ine, iwo ankagona pampando.

Kusukulu ankandiseka kalankhulidwe. Ndiye ndinaphunzira kutengera anthu. Ndinkamvetsera mwana wachizungu mmene akulankhulira, mawa lake n'kulankhula ngati iye. Kenako ndinayamba kutengera aphunzitsi, anzanga n'kumagubuduka ndi phwete. Mphunzitsi wa zisudzo anandiona, n'kuitanitsa amayi. Anawauza kuti mwanayu ali ndi luso. Amayi ankafuna ndidzakhale dokotala, koma anangoti, "Ngati ndi chimene Mulungu wamupatsa, ine ndine ndani?" Anawonjezera mashifiti kuti ndipite kusukulu ya zisudzo.

Nditamaliza ndinapeza ejenti, mayi wachizungu amene ntchito yake inali kundipezera malo m'mafilimu. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti dzina langa livuta anthu, tichotse chilembo choyambacho ndikhale Amanda. Ndinavomera msanga ngati ndalandira mphatso. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinasewera tizigawo ting'onoting'ono. Pena wogulitsa m'sitolo, pena mtembo m'sewero la apolisi. Mowa unayambira pamenepo. Ndisanalowe kokayesedwa ngati ndingayenere gawo m'sewero, manja ankanjenjemera ndi mantha, ndiye mnzanga wina anandionetsa njira: kakapu kamodzi ka vodika, mantha onse zii. Zinkathekadi. Vuto la mowa ndi limenelo, poyamba umagwiradi ntchito.

Kenako inabwera filimu imene ambiri munaionera. Ndinasewera ngati namwino wochokera ku Africa amene akusamalira nkhalamba yachizungu yotsala pang'ono kufa. Anthu analira m'makanema. Olemba nkhani ankati sanaonepo namwino weniweni chotere pa filimu.

Abale anga, namwino ameneyo sindinamupange ine. Ndinaba amayi anga. Amayi akatopa amakoka mwendo wamanzere, ine ndinaukoka. Akamapinda nsalu za pabedi amang'ung'udza nyimbo yakutchalitchi chapansipansi, ine ndinang'ung'udza. Akamatembenuza wodwala amati "pepani, pepani" ngakhale wodwalayo samva Chichewa, ndipo mawu amenewo ndinawaika m'filimu momwemo. Koma atolankhani akandifunsa kuti munthu ameneyu ndinamutenga kuti, ndinkayankha kuti ndinakhala miyezi ingapo ndikuonerera azimayi m'mabasi. Sindinkafuna adziwe kuti ndinakulira m'chipinda chimodzi ndi mayi wonunkha mankhwala a m'chipatala. Timati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Ine mwendowo ndinautenga n'kukaugulitsa, mwini wake n'kumubisa.

Dzina langa linatuluka pakati pa opikisana pa mphotho ya wosewera wamkazi wothandizira. Anandipatsa matikiti awiri a mwambowo, ndipo ndinauza amayi kuti tipita limodzi. Anasangalala ngati mwana. Anapita kwa telala ku Peckham kukasoketsa chovala cha chitenje chabuluu ndi duku lake. Anasinthana shifiti ndi mnzawo. Ankandiimbira kufunsa ngati kumeneko amavula nsapato pakhomo, kuseleula chabe.

Kutatsala masiku awiri ndinayamba kuganiza za dukulo. Ndinawaona m'maganizo akupempherera chakudya mokweza pakati pa anthu otchuka, akukoka mwendo pakapeti, aliyense n'kuzindikira kumene ndinatenga kayendedwe kaja. Ndinamwa botolo la waini, n'kuwaimbira foni.

"Amayi, pavuta pang'ono. Akuti malo achepa."

Amayi anati, "Palibe kanthu mwanawe. Ndidzaonera pa TV. Ukavale chokufunda, kukuzizira."

Tikitiyo ndinapatsa mwamuna wina amene ndinali naye masiku amenewo. Lero sindidziwa n'komwe kumene ali.

Ndinapambana. Pokwera pansanja ndinali nditamwa kale kokwanira. Ndinathokoza wotsogolera filimu, ejenti wanga, anzanga osewera nawo, osoka zovala, mphunzitsi wanga wakale, ngakhale mwamuna uja. Amayi sindinawatchule. Sikuti ndinaiwala ayi. Dzina lawo linafika pakamwa, ine n'kulimeza.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Ntchito zinabwera zambiri, maphwando tsiku ndi tsiku, ndipo mowa wa kumeneko sugulidwa, umangokupeza m'manja. Ndinayamba kudzimva shuga. Foni ya amayi ndinkaiona ikulira mpaka kusiya yokha. Ndinayamba kumwa m'mawa kuti ndithetse matsire, kenako kuthira vodika m'botolo la madzi n'kumapita nalo kuntchito. Anandipatsa gawo lalikulu m'filimu ina, loyamba kukhala ine mwini nkhani. Mawu ndinkaiwala. Anthu ankadikira maola ine ndili m'chimbudzi. Tsiku lina mtsikana wodzola osewera kumaso anandinong'oneza mwaulemu kuti ndikumveka fungo, nditafune kaye chingamu ndisanakumane ndi akuluakulu. Ankandithandiza. Ine ndinamutukwana pamaso pa anthu, n'kukakamiza kuti amuchotse ntchito. Anamuchotsadi. Patangotha milungu itatu ndinagwa pamaso pa kamera n'kusanzira chovala cha m'filimu. Anandikweza galimoto kundibweza kunyumba, ndipo gawo langa anapatsa wina.

Ejenti anandisiya. Mwamuna uja anapita. Fulati yanga yokongola inapita. Ndinathera pampando wa mnzanga wina kuno ku Woolwich, mpaka nayenso anatopa nane. Chithunzi cha pabenchi chija chinatuluka nthawi imeneyo. Zaka ziwiri zinadutsa choncho, ndipo zambiri sindizikumbuka. Amayi anabwera kawiri kudzandifuna. Kawiri konse ndinabisala kuseri kwa chitseko, ndikuwamva akupuma panja.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndabwera kudzakuuzani.

Linali Lachitatu, mwezi wozizira. Ndinali nditaganiza zopita kwa amayi, koma sindinkafuna andione nditaledzera. Ndiye ndinasiya mowa mwadzidzidzi, ndekha, masiku awiri. Chonde, amene mumamwa tsiku lililonse, zimenezi musayese. Zimapha. Ine sindinkadziwa. Ndinakwera sitima, kenako basi, thukuta lili kamukamu, thupi likunjenjemera. Ndinatsika pafupi ndi kwathu ku Edmonton cha m'ma leveni m'mawa. Zenera lathu ndinkaliona, makatani omwe aja. Msewu sindinawoloke. Ndinakhala pamalo odikirira basi kuti ndipume kaye, ndipo chimene ndikukumbuka n'chakuti kuwala kunasanduka kwachikasu.

Akuti ndinagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Ambulansi inanditengera kuchipatala chapafupi, chomwe amayi ankagwirako ntchito.

Nditatsitsimuka ndinali pabedi, lilime lotupa chifukwa ndinali nditadziluma, thalauza lonyowa. Ndinali nditadzikodzera. Pambali panga panaima namwino wamkulu thupi amene ndinamuzindikira nthawi yomweyo: mayi Tembo, a ku Zambia, mnzawo wa amayi wa zaka zambiri. Ndili mwana ankandiluka tsitsi. Ndinatembenukira kukhoma.

"Usanibise nkhope iwe," anatero m'Chinyanja chawo. "Nakuziba. Amai ako nabatumira uthenga ku wodi yao, babwera manje manje."

"Chonde anti, musawaitane."

"Nabaitana kudala."

Anandikonzera botolo la madzi a m'mitsempha. Kenako anakoka katani, n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Nikuuze chinthu chimozi bakalibe kufika, chifukwa beve sibazakuuza. Tsiku lija la mphotho, amai ako anabwera kunchito na chitenje chao mu chola. Pa break anavala, na duku yonse. Tinasonkhana tonse mu staff room, manesi, okolopa, na dokota mmozi. Anaphika mandasi. Pamene unawina tinakuwa, tinabanyamula m'mwamba. Ndiye tinakhala zii kuti timvere ukabatchula. Unatchula uyu, unatchula uyu. Unaseluka pa stage. Palibe anayang'ana mnzake. Amai ako ananyamuka, anati, 'Wachita bwino mwana wanga, nthawi imachepa pamene paja.' Anayenda kuvula chitenje, anabwerera ku odwala."

Abale, ndakhalapo ndi manyazi amitundumitundu. Kusanza pagulu, kuthamangitsidwa m'bala, kujambulidwa nditagona panja. Onsewo sanafike pa amenewa. Ndinkafuna bedi lija litseguke ndilowe pansi.

Ndinawamva asanafike. Phazi limodzi kuponda, linalo kukoka. Katani inatseguka. Anali atakalamba kuposa mmene ndinawasiyira, imvi zikutuluka m'mbali mwa tsitsi, yunifolomu ikuwakhwepa. Sanalire ndipo sanakalipe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amayang'anira wodwala aliyense, n'kuuza mayi Tembo kuti, "Ndipatseni beseni ndi thaulo. Ndapempha kuti ndiweruke."

Anandivula thalauza lonyowa lija ndi manja awo. Mkazi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, kusambitsidwa ngati khanda. Madzi anali ofunda. Atafuna kunditembenuza anati, "Pepani, pepani." Sanachite dala, ndi mmene pakamwa pawo panazolowerera. Pamenepo ndinalira kulira konyansa, mamina ndi malovu.

"Amayi, tikiti ija inalipo."

"Ndinkadziwa."

"Ndinachita nanu manyazi."

"Ndinkadziwanso." Anafinya thaulo. "Zinandipweteka, ndisakunamize. Chitenje chija sindinachivalenso. Koma usiku umene uja chimene chinandisowetsa tulo si dzina langa. Ndi maso ako. Anthu onse ankaona mphotho, ine ndinkaona maso a bambo ako."

Sindinamvetse. Ine ndinakula ndikudziwa kuti bambo anamwalira ndi malungo.

Amayi anakhala pampando, thaulo lili m'manja. "Bambo ako sanafe ndi malungo, Tamanda. Unali mowa. Anali mphunzitsi wabwino, wanthabwala ngati iwe, wotengera anthu ngati iwe. Chiwindi chinatha ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinawasambitsa chonchi mpaka tsiku lomaliza. Ndinakubisira chifukwa ndinkachita manyazi. Ndikanakuuza, mwina ukanachenjera. Pamenepo ndinalakwa ndine." Anandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane. "Mmodzi ndinaika m'manda. Wachiwiri sindingathe. Koma kukusiyira mowa sindingakusiyire, ndinayesa kale kwa bambo ako. Ukabwera dokotala, umuuze zoona. Osati sewero."

Dokotala atabwera anandifunsa kuti ndimamwa wochuluka bwanji. Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti makapu awiri madzulo. Amayi anali pomwepo, akupinda thalauza langa kuliika m'pepala. Ndinati, "Botolo la vodika tsiku lililonse, pena kuposa. Ndimayamba ndikangodzuka." Aka kanali koyamba kunena zimenezi mokweza. Dokotalayo sanadabwe n'komwe, anangolemba.

Tsono mmene ndinabwererera, ndinene mwachindunji, chifukwa ena mwabwerera zimenezi.

Ndinakhala m'chipatala masiku asanu ndi atatu akundipatsa mankhwala oti thupi lisiye mowa bwinobwino. Yambirani pamenepo. Pitani kwa GP, dokotala wanu wa nthawi zonse, kapena ku malo othandiza omwa mowa a m'dera lanu, mukanene nambala yeniyeni ya mabotolo. Pemphero ndi lofunika, abusa ali pano andichitira umboni kuti ndimapemphera, koma Mulungu yemweyo ndi amene anaika madokotala.

Nditatuluka ndinabwerera ku fulati ya amayi. Ulendo uno pampando ndinagona ine. Ndinachotsa m'foni manambala onse a anzanga akumowa. Ndinayamba kupita kumisonkhano ya anthu osiya mowa, tsiku lililonse miyezi itatu yoyamba. Tsiku loyamba ndinavala chipewa ndi magalasi kuti asandizindikire. Bambo wina woyendetsa basi anandiuza kuti, "Muno tonse ndife otchuka, aliyense kwawo." Ndinavula magalasiwo. Kumeneko ndinapeza mayi wina amene anasiya mowa kalekale, ndipo anavomera kuti ndizimuimbira chilakolako chikandigwira, ndisanamwe, osati nditamwa kale.

Ndinafuna ntchito yoti manja azitanganidwa. Mayi Tembo anandilozera ku nyumba ina yosamalira okalamba, kochapa zovala. Chaka ndi theka ndinkachapa ndi kusita nsalu za pabedi. Tsiku lina mwana wa gogo wina wa kumeneko anandiyang'anitsitsa n'kufunsa ngati ndine uja wa m'filimu. Ndinkafuna kukana. Ndinati ndine. Anafunsa kuti nanga kuno ndikutani. Ndinati ndikuchira. Anangogwedeza mutu, n'kundipatsa majuzi a mayi ake.

Ndisakubisireni, ndinagwapo kamodzi. Mwezi wachisanu chisiyireni mowa, paukwati wa msuweni wanga ku Peckham. Wina anandipatsa kapu ya waini n'kunena kuti kamodzi sikapha, ndife Amalawi timamwa mwaulemu. Sinathere pa kapu imodzi. M'mawa mwake ndinkafuna kunena kuti ndadwala m'mimba. M'malo mwake ndinauza amayi, ndinaimbira mayi uja wa kumisonkhano, n'kuyambanso kuwerenga masiku kuchokera pa tsiku loyamba. Zaka zitatu ndanena zija zimayambira m'mawa umenewo. Mukagwa, nenani tsiku lomwelo. Bodza la tsiku limodzi limabala mwezi wathunthu wa mowa.

Chovuta kwambiri chinali kupepesa. Ndinalembera wotsogolera filimu imene ndinaiwononga ija. Anayankha mzere umodzi wondifunira zabwino. Ndinafufuza mtsikana uja ndinamuchotsetsa ntchito, n'kumulembera kalata yonena zonse zimene ndinachita, popanda kudziikira kumbuyo. Ndinalemberanso amene anamuchotsa kuwauza kuti iye sanalakwe. Mpaka lero sanandiyankhe, ndipo sali wokakamizika kutero. Ndinamva kuti anasiya za mafilimu. Chimenecho ndimayenda nacho. Kusiya mowa sikubweza zonse zimene unaswa.

Mphotho ija inali m'chikwama, yokulungidwa m'juzi. Tsiku lina ndinaitulutsa n'kugwada pamaso pa amayi. Ndinati ndi yawo, chifukwa namwino wa m'filimu uja anali iwo. Anaitenga, anaiyeza kulemera kwake m'manja, n'kundibwezera.

"Usandilipe chindapusa, mwanawe. Ine ntchito yanga ndi ya kuchipatala. Iyi unagwira ndiwe, ndipo unagwira bwino. Kandiikire madzi a tiyi."

Chaka chatha wotsogolera wina wachinyamata, wongoyamba kumene, anandifuna pa kagawo kakang'ono. Ndinamuuza zonse asanandilembe: kuti ndine chidakwa chimene chikuchira, kuti kumaphwando sindidzapita, kuti tsiku la msonkhano wanga ndidzaweruka msanga. Anavomera. Ndinagwira masiku anayi. Manja ananjenjemera ngati kale, ndipo ndinasewera akunjenjemera choncho.

Filimuyo inatuluka mwezi wathawu. Ndinatenga amayi kukaonera Loweruka masana ku Peckham. Anapuma pantchito tsopano, ndipo akakhala pamalo ofunda tulo sitichedwa. Ine ndimaoneka mphindi zinayi zokha, pakatikati. Nthawi yanga itakwana ndinatembenuka kuti ndiwakodole. Anali atagona, mutu uli paphewa langa, chikwama atachikumbatira. Sindinawadzutse. Ndinadzionera ndekha.

Magetsi atayaka anadzidzimuka. "Wadutsa kale?"

"Kalekale, amayi."

"Iii, mwana woipa iwe, osandidzutsa bwanji?" Anayang'ana wotchi, n'kuimirira. "Ina ikuyamba nthawi yanji?"

"Folo koloko."

"Ndiye tiye tikamwe tiyi wa mphamvu, tibwerenso. Ndipo ulendo uno unditsine."

Tinabwereranso. Ndinawatsina. Anaonera mphindi zinayi zonse atatsamira kutsogolo, ndipo nditachoka pa kanema anauza munthu wosamudziwa amene anakhala pambali pawo kuti, "Ameneyo ndi mwana wanga."

Ine ndinali ndisanayenere mawu amenewo, ndipo mwina sindidzawayenera. Koma ndinawamva ndili bwinobwino, mutu uli wanga, ndipo mawa lake ndinadzuka ndikuwakumbukira. Amene mwabwera muno mukununkha za dzulo, musathamangire basi tikamaliza. Ndikhala pakhomo apo. Simufunika kunena zambiri, mungondiuza dzina lanu, tiyambire pamenepo.